Chidindo Chikutha Lamulungu

Lolemba

Ndangofika kuchokera ku Lilongwe. Miyendo yatupa, mutu ukuwawa, koma nkhani yake ndi yosavuta. Ndilembe msanga zimene andiuza ku ofesi ya olowa ndi otuluka m'dziko ndisanaiwale.

Mayi wa pawindo, munthu wabwinobwino, watsegula pasipoti yanga n'kuyamba kuseka. Masamba onse zidindo zokhazokha: Mchinji, Mchinji, Mchinji. Akuti, “Bambo, mlendo ameneyu sapita kwawo?” Ndafotokoza. Kwathu ndi ku Katete, ku Zambia. Ndinakwatira kuno ku mapiri a Ntchisi, ndine mkamwini, ndimalima fodya ndi mtedza pamunda wa mkazi wanga, mwana wathu Chisomo ali kusukulu. Zaka zonsezi masiku akatha ndimangopita kuchipata, kutuluka, kumwa tiyi tsidya linalo, kulowanso. Ulendo wathawu a pachipata anandichenjeza kuti masewera amenewa atha. Masiku owonjezera ndinapempha kale, anandipatsa, nawonso akutha. Chidindo changa chikutha Lamulungu likubwerali.

Njira akuti ilipo imodzi: chilolezo chokhala m'dziko ngati mwamuna wa nzika. Ndibweretse setifiketi ya ukwati pofika Lachisanu. Akalandira pempho langa, yankho ndidzalidikirira ndili pakhomo. Apo ayi, ndituluke Lamulungu, ndipo ndisathamangire kubwerera chifukwa sadzandidindira.

Ndati ukwati ulipo, ankhoswe alipo, nkhuku ya chinkhoswe inadyedwa mudzi wonse ukuona. Akuti nkhuku sangaiike mu fayelo. Zoona ndithu.

Tsono pulani ndi iyi:
– mawa kuuza a Gelevazio, malume ake a mkazi wanga Esitere, amenenso ndi nkhoswe yathu
– Lachitatu kuparishi kwa Bambo Mfumu
– Lachinayi ukwati: ine, Esitere, mboni, basi. Keke ayi, gule ayi
– Lachisanu Lilongwe

Zosavuta!

Esitere lero wangolawako phala pang'ono. Chimutulutsireni kuchipatala ndi botolo la mankhwala oziziritsa ululu, adokotala atatiuza kuti tizikamusamalira kunyumba, sadzuka pamphasa popanda womugwira. Womutembenuza ndine, manja a munthu wina amati akumupweteka. Ndamuuza za ukwati. Akuti, “Mpaka boma lichite kukukakamizani?” Waseka mpaka kutsokomola. Sindingachoke pakhomo pano panopa, chokhacho ndiye ndikuchidziwa.

Lachiwiri

M'mawa. A Gelevazio ndawapeza m'chigafa akusoka fodya. Ndayankhula motsitsa mawu kuti ndikufuna kudalitsa ukwati. Asiya fodya. Avula chipewa. “Ukwati woyera? M'banja mwathu muno? Akamwini, mwachita chamuna!” Ndati ndi wa kachetechete, wongofuna pepala. Sanamve. Anali ali kale panja akuitana alongo awo.

Masana. Komiti! Yakhala pansi pa mtengo wa mango, anthu asiya ntchito kuminda. Asankha:
– wapampando (a Gelevazio, adzisankha okha)
– mlembi ndi womuthandiza
– a zophika
– a zokongoletsa
– a mayendedwe, chonsecho kutchalitchi chathu cha m'mudzi timapita wapansi
– a chitetezo! Atiteteza kwa ndani?

Ine udindo ndilibe. Akuti mkwati pa komiti sayankhula, amangomva.

Ndakweza dzanja basi. Ndati Lachinayi. Kenako chiseko mpaka ena kugwirana. Mayi wa zophika akuti, “Lachinayi lake liti? Fodya ali m'chigafa, chimanga chili m'munda. Pa perekaniperekani anthu adzaponya chiyani, masamba a maungu?” Agwirizana: Ogasiti, fodya atagulitsidwa.

Ndatulutsa pasipoti, ndawaonetsa chidindo. Yayenda dzanja ndi dzanja, aliyense akuyamikira chithunzi kuti ndinali wonenepa. A Gelevazio akuti, “Mchewa angathamangitsidwe bwanji pakati pa Achewa? Mukawauze a boma kuti deti taika kale, komiti ilipo.” Amakhulupirira ndi mtima wonse kuti boma likamva za komiti lichita manyazi.

Apongozi anga, amayi ake a Esitere, sitiyankhulana maso ndi maso chikwatirireni ine, mwambo wake ndi womwewo. Mawu awo adutsa pampanda: “Auzeni akamwini kuti mwana wanga sakwatiwa mobisa ngati wakuba.”

Ogasiti. Potchula mwezi umenewu palibe amene wayang'ana kunyumba kwathu. Onse amayang'ana pansi, ena kumwamba kwa mango. Onse akudziwa. Nthungululu zalira basi.

Esitere wazimva ali m'kati. Ndamuuza deti. Akuti, “Ogasiti kumakhala mphepo. Chophimba kumutu chidzandiulukira.” Ndatuluka, ndakalirira kuseri kwa chigafa. Mbuzi ya a Gelevazio inali pomwepo ikutafuna chingwe cha fodya, ndipo sindinaithamangitse.

Lachitatu

Pulani yatsopano: komiti ipitirize zake, ine ndidutsa kumbali. Njinga, chitunda, thukuta, kuparishi.

Bambo Mfumu andilandira bwino, andipatsa mpando. Zofunika akuti ndi izi:
– kalata ya ubatizo wanga yochokera ku Katete
– kalata ina yonena kuti kumeneko ndilibe mkazi wina (mkazi wina! uyu yemweyu ndikulephera kumukwatira)
– maphunziro a banja
– kulengeza m'tchalitchi masabata atatu

Maphunziro a banja, ine, amene ndimadziwa mbali imene mkazi wanga akagonera amapuma bwino. Ndangowaonetsa chidindo. Achiyang'ana nthawi yaitali, akanda kumutu.

Kenako akuti, “Chilipo chimodzi. Mmodzi wa awiriwo akakhala pafupi ndi imfa, zonsezi timazidumpha. Ndimadalitsa ukwati pamphasa pomwepo, setifiketi n'kulemba tsiku lomwelo. Mayi ali bwanji?”

Khomo lotseguka chonchi! Pakamwa panga patuluka, “Akudwala ndithu, Abambo.” Iwo: “Kwambiri?” Ine: “Akuyesera.” Akuyesera! Akuyesera chiyani? Lilime langali likanakhala la munthu wina ndikanalimenya. Koma Abambo ndi munthu wanzeru, andiyang'ana, akuti mawa abwera okha kudzamuona, mabuku atenga.

Ndatsika chitunda mtima uli m'malo. Sindifunika kunena kanthu. Adzangomuona. Aliyense womuona Esitere pamphasa paja safunsanso funso.

Kunyumba ndapeza telala wochokera ku Mponela, mayi wa tepi m'khosi, watumidwa ndi a zokongoletsa. Akumuyeza Esitere chogona. Tepi ikuzungulira m'chiuno, yotsala ikulendewera mpaka pansi. Telala akuti, “Tisiyako malo, pofika Ogasiti mudzakhala mutanenepa.” Esitere akuti manja a diresi akhale aatali, obisa mikono. Akukangana za lesi. Akukangana! Papita nthawi ndisanamve mawu ake akukwera chonchi, maso akuwala ngati a mtsikana wa mukwaya uja ndinamupeza zaka zijazi.

Ndiye ndimuuza bwanji chimene Abambo akubwera kudzaona? Kuti mawa muoneke ngati wakufa kuti ine ndipeze pepala? Ndangoti, “Bambo Mfumu akubwera mawa kudzakuonani.” Ndayankhula ndili pafupi ndi mpanda, ndipo kuseri kwake kunali munthu akusenda mtedza.

Lachinayi

Ndadzutsidwa ndi matsache. Bwalo lonse lasesedwa mpaka kunjira. Pakhonde azira. Tambala wa apongozi wafa. Amayi a mpingo a kumphakati wathu adzaza nyumba, ine andithamangitsira panja.

Zimene amuchita Esitere:
– kumusambitsa
– mafuta mpaka kuwala
– paudala
– duku latsopano, nsalu ya mpingo
– mpando! Amukhazika pampando, mapilo kumbuyo, wina m'mbali, aphimba ndi nsalu kuti asaoneke

Mphasa, beseni ndi botolo la mankhwala azibisa m'chigafa changa. Akuti Abambo asaone uve.

Ndawakokera pambali a Gelevazio. Ndati Abambo akuyenera kumuona m'mene alilidi, ndafotokoza chifukwa chake. Nkhope yawo yasintha, sindinawaonepo chonchi. “Akamwini, pakhomo pano wodwala timati akupezako bwino mpaka tsiku lake. Zinazo mukazitchula mwaziitana. Ine mwana wa mlongo wanga sindimuitanira zimenezo.” Maso awo anali ofiira. Ndawasiya.

Njinga yamoto yalira kumsewu. Abambo afika, chikwama kumsana, ngodya ya buku lalikulu ikuonekera pazipi. Buku la maukwati, lafika mpaka pakhomo panga!

Afunsa za wodwala.

Apongozi, ali pakhomo: “Akupezako bwino, Abambo, sizili ngati kale.”

A Gelevazio: “Dzulo wadya ndithu.”

Esitere mwini wake, akumwetulira: “Ndiliko bwino, Abambo, kaya inu mwayenda bwanji?” Amayi ayambitsa nyimbo, iye akuthira mang'ombe, mawu ang'onoang'ono koma osaphonya.

Abambo atembenukira kwa ine. “Bambo a Chisomo, inu mukuona bwanji?”

Nyumba yonse maso pa ine. Chisomo wakhala pamapazi pa mayi ake, akusewera ndi mphonje ya nsalu. Esitere akundiyang'ana, paudala wayamba kuyenda ndi thukuta, dzanja lagwira mpando mwamphamvu. Wadzikoka m'mawa wonse kuti akhale tsonga pamaso pa mlendo. Ndikanati chiyani, mwana akumva, iye akumva?

Ndati, “Akupezako bwino, Abambo.”

“Tithokoze Mulungu! Ndiye palibe chothamangira, tiyamba kulengeza Lamulungu.” Amupempherera, amupatsa Ukaristia, adya tambala. Ndati ndiwaperekeze ndekha mpaka kumsewu, mwina kumeneko lilime limasuka. Theka la komiti latsatira, a chitetezo patsogolo.

Fumbi la njinga lisanathe, Esitere wapendekeka pampando. Ndamunyamula, wapepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndikumugoneka akundinong'oneza, “Ndachita bwino? Sindinakuchititseni manyazi?” Ndati mwachita bwino kwambiri, mayi a Chisomo.

Lachisanu

Lero ndiye tsiku lomaliza la ofesi. Ndikawerengera bwino: kuparishi m'mamawa, kunena zoona ndili ndekha, Abambo pa njinga yawo, ukwati, kenako kuthamangira Lilongwe asanatseke. N'zotheka. N'zovuta, koma n'zotheka.

Panjira ndikuyeserera mawu mokweza kuti pakamwa pazolowere. “Abambo, dzulo tinakunamizani.” Amenewa akutuluka bwino. “Abambo, matenda ndi aakulu.” Akutulukanso. “Abambo, Esitere sadzafika Ogasiti.” Amenewa atuluka kamodzi kokha, pakati pa chitunda. Ndatsika, ndakhala m'mbali mwa msewu. Mayi wina wosenza nkhuni waima, akuti, “Kwagwanji, bambo?” Ndati tcheni chaduka. Wayang'ana tcheni, wandiyang'ana ine, wati pepani, wapita.

Kuparishi ndapeza wophika yekha akutsuka mapoto. Abambo anyamuka kusanache, kuli maliro kutchalitchi china kuseri kwa nkhalango, agona komweko. Foni kumeneko sigwira. Ndayesa basi mpaka batire kulira. Wophika akuti, “Muli ndi uthenga ndiwasungire?” Ndati ayi, ndimangodutsa. Kudutsa! Msewu umenewu umathera pageti pa parishi pomwepo.

Ndakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Mvula yagwa, yasiya. Ku Lilongwe mayi uja watseka windo lake, wapita kwa ana ake. Sindikumuimba mlandu, anandiuza zonse bwinobwino.

Pofika kunyumba, nyimbo! Sipika ya batire pabwalo, anyamata ndi atsikana operekeza akwati akuphunzira masitepe. Awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, kutembenuka, kugundana. Mphunzitsi wawo akukuwa kuti nthawi yatha, Ogasiti ali pafupi. Chisomo amusankha kukhala wa maluwa, akuwaza masamba a bulugamu m'njira, nkhope ili gwa ngati ali pa mayeso.

Esitere thupi latentha, mpando wa dzulo uja ukumubwezera. Sanadye. Ndamutembenuza, ndamunyowetsa milomo.

Pulani yomaliza: sindipita. Ndani adzakwera mapiri ano kudzafuna munthu mmodzi wa ku Katete? Ndimayankhula ngati aliyense, ndimalima ngati aliyense. Pasipoti ndaiponya pansi pa sutikesi. Sindipita, basi!

Loweruka

Ndamuuza zonse. Za ofesi, za chidindo, za buku limene linali m'chikwama cha Abambo, za chimene amabwera kudzaona.

Wandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako chiseko, chija chopweteka m'nthiti. “Mukanandiuza! Ndikanagona pamphasa n'kubuula bwinobwino. Kubuula ndiye ndimatha masiku ano.” Wapuma. “Koma ayi. Pamaso pa amayi ndi mwana sindikanatha. Inunso simukanatha, musadzizunze.”

Ndati sindipita. Ndaonjezera mawu amphamvu, a chimuna. Wandisiya ndimalize.

“Mupita,” akutero. “Mukatsala mobisala, tsiku lina adzakugwirani pa rodibuloko mukukanditengera mankhwala, n'kukutsekerani chipata mpaka kalekale. Ine ndatsala ndi masiku ochepa, bambo a Chisomo. Mwanayu ali ndi zaka zambiri. Akufunika bambo otha kulowa m'dziko lino masana.”

Mawu amene mudzi wonse walephera, amene ine ndalephera pachitunda, iye wawanena ngati akundituma mchere. Ndakwiya. Ndamuuza kuti asamayankhule zopusa. Wandigwira khutu, walikoka pang'ono. Mkangano wathera pomwepo, ndipo monga mwa masiku onse wapambana ndi iye.

Vuto latsopano: adzamutembenuza ndani? Esitere akuti amayi ake, koma ndiwaphunzitse. Ine ndi apongozi m'chipinda chimodzi! Alowa chobwerera m'mbuyo, nsalu kumaso. Ine ndikuyang'ana denga. Ndikuyankhula ndi khoma: dzanja lina pansi pa phewa, lina pansi pa ntchafu, osakoka mkono, kudikira apume kaye, ndiye kutembenuza pang'onopang'ono. Khoma silikuyankha. Esitere pakati akuseka tonse awiri.

Ayesa, alakwitsa, mwana wawo wabuula. Nsalu yagwa kumaso, sanaitole. Andiyang'ana m'maso koyamba chibwerereni m'mudzi muno. “Chonchi?” Ndagwira dzanja lawo, ndaliika pamalo pake. “Chonchi, amayi.” Tabwereza mpaka adziwa. Ndawaonetsanso muyezo wa mankhwala pa kapu.

Madzulo komiti yamva kuti ndikupita kwathu. Yasangalala! Akuti ndachita bwino kukauza abale nthawi ilipo. Andituma:
– nsalu za yunifomu ku Chipata, akuti n'zosasuluka
– mayina a obwera ochokera kuchimuna
– mbuzi
– kalata zija za ubatizo, “musaiwale ngati munaiwalira ukwati”

A Gelevazio andiperekeza mpaka pakhonde. Aima, akusisita chipewa. Akuti, “Timusamalira, akamwini.” Za Ogasiti sanatchule.

Lamulungu

Esitere wakana kutsanzikana. Akuti, “Tulukani ngati mukupita kumunda.” Ndamutembenuza komaliza, ndamukonzera pilo, ndatenga khasu pakhomo ngati munthu weniweni wa kumunda, Lamulungu m'mawa, nditavala jekete. Khasu ndalisiya kuseri kwa chigafa pamene ndinabisa chikwama.

Kutchalitchi. Ndimati mwina ndiwapeza Abambo, mwina ndinena, mwina adalitsa lero lomwe ndisananyamuke. Sanabwerere, mtsinje wadzaza ndi mvula ya Lachisanu, ali tsidya lina. Mapemphero atsogolera akatekisiti.

Alengeza ukwati wathu, koyamba. Dzina langa alitchula molakwika, la Esitere bwinobwino. Nthungululu mpaka malata kunjenjemera. “Ngati alipo wodziwa choletsa ukwati umenewu anene.” Ndakhalira manja anga kuti ndisawakweze. Anthu akundigwira chanza, akundimenya pamsana. Chisomo akufuna ndimubweretsere nsapato zoyera zokhala ndi kamaluwa. Ndayeza phazi lake ndi chingwe cha fodya, ndachiika m'thumba la jekete. Wathamangira anzake osacheuka, ndipo bola choncho.

Kabaza mpaka kumsewu waukulu, galimoto ya matola mpaka ku Mponela. Tsopano ndili mu minibasi ya ku Lilongwe, kenako ina ya ku Mchinji, ndikafike kuchipata tsiku lisanathe. Ndikulembera pabondo. Mapiri athu akuoneka kumbuyo kwa magolosale, mvula ikugwa kumeneko. Nthawi ino akufunika kutembenuzidwa. Kaya amayi akumbukira kudikira kuti apume kaye.

Kondakitala akukuwa, “Mmodzi wotsala! Mmodzi wotsala!” Anthu akudandaula kuti tachedwa, wina akuopseza kutsika. Zaka zonsezi inenso ndimakhala m'gulu la odandaula. Lero ndikupemphera kuti mmodziyo asapezeke, kuti tikhale pano pamene mapiri akuoneka, ngakhale mpaka madzulo.

Mayi wa dengu la tomato akuwoloka msewu. Akufunsa mtengo. Akukana. Akuchoka.

Wabwerera. Yadzaza.